Mlandu wa Mgodi wa Konkola: Zaka Zisanu m'Manja mwa Wogwirizira

Pa 21 Meyi 2019, Bwalo Lalikulu la Milandu la ku Lusaka, m'dziko la Zambia, linalandira pempho lakuti kampani ya Konkola Copper Mines ithetsedwe. Tsiku lomwelo bwalolo linachotsa mphamvu m'manja mwa akuluakulu oyendetsa kampaniyo, ndi kuika munthu mmodzi kuti agwirizire chuma chake chonse kufikira mlanduwo utaweruzidwa. Mwa chizolowezi cha malamulo, ntchito yogwirizira yotere imakhala ya masabata kapena miyezi yowerengeka chabe. Koma ku Konkola inatenga zaka zisanu ndi miyezi iwiri, ndipo potsiriza pake, mu Julayi 2024, kampaniyo sinathetsedwe konse, koma inabwezedwa kwa eni ake omwe aja amene anali atalandidwa.

Otsutsana pa mlanduwu anali awiri, ndipo onse anali amphamvu: mbali ina Boma la Zambia kudzera m'kampani yake ya ZCCM Investments Holdings, mbali ina kampani ya Vedanta Resources ya munthu wachuma wa ku India, a Anil Agarwal. Koma amene anasenza katundu wolemera pa zaka zisanuzo sanali awiriwa ayi. Anali anthu ogwira ntchito mumgodi, eni magalimoto onyamula katundu, ogulitsa zitsulo, mafuta ndi chakudya, pamodzi ndi mabanja a m'matauni a Chingola ndi Chililabombwe. Kuti owerenga amvetse chimene chinachititsa zimenezi, nkoyenera kuyamba ndi lamulo lenilenilo.

Kampani ndi munthu pamaso pa lamulo

Malamulo a makampani a ku Zambia, monganso a ku Malawi, muzu wake uli ku England. Maziko ake anaikidwa pa mlandu wa munthu wina wosoka nsapato wa ku London, dzina lake Aron Salomon. Mu 1892 munthuyu anasandutsa malonda ake kukhala kampani. Eni masheya anali asanu ndi awiri: iye mwini, mkazi wake ndi ana awo asanu. Mwa masheya 20,007, iye anatenga 20,001, ndipo enawo anatenga imodziimodzi. Posakhalitsa malonda a nsapato analowa pansi, kampaniyo inagwa, ndipo katundu wotsala sanakwane kulipira onse amene inali nawo ngongole.

Tsono munthu amene anapatsidwa ntchito yothetsa kampaniyo anadandaula kubwalo kuti kampaniyo inali Salomon yemweyo atangovala dzina lina, ndipo kuti ayenera kulipira mangawa onse kuchokera m'thumba mwake. Mabwalo awiri oyamba anavomereza. Koma mu Novembala 1896 oweruza a House of Lords, amene anali bwalo lotsiriza la dzikolo, anagamula kuti kampani imene yalembedwa motsata lamulo ili munthu payokha, wosiyana ndi eni ake. Katundu wake ndi wake, ngongole zake ndi zake.

Chigamulo chimenechi chinalimbitsa mtima anthu kuti aike ndalama zawo m'malonda akuluakulu, podziwa kuti zinthu zikavuta adzataya zimene anaikamo zokha, osati nyumba zawo ndi minda yawo. Koma chinabalanso funso lovuta. Ngati mwini sadzalipira, nanga amene anakongoza kampani adzalandira kwa yani? Malamulo a makampani olephera kubweza ngongole analembedwa kuti ayankhe funso limeneli.

Mndandanda wa olipidwa

Kampani ikalephera kubweza ngongole, okongoza onse amafuna kuthamangira katundu wake, ndipo pakanapanda lamulo, wamphamvu ndi waliwiro akanatenga zonse, wofooka natsala chimanjamanja. Chifukwa chake lamulo limaimitsa onse, ndi kuika munthu mmodzi wothetsa kampani, amene m'mabuku a malamulo amatchedwa liquidator. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa katundu, kumugulitsa, ndi kugawa ndalamazo motsata mndandanda umene lamulo linaika.

Oyamba kulandira ndi amene anagwira chikole, monga banki imene inakongoza ndalama itagwira nyumba kapena makina. Pamenepo pamabwera zolipira ntchito yothetsayo, kenaka ngongole zimene lamulo limaziika patsogolo, monga malipiro a antchito kufikira pa mlingo woikika. Pambuyo pa onsewa ndi pamene pamabwera okongoza wamba opanda chikole, ndiwo ogulitsa katundu ndi makontirakitala. Iwowa amagawana zotsala mofanana, yense monga mwa kukula kwa ngongole yake. Mwachitsanzo, ngati okongoza wamba onse pamodzi akufuna K100 miliyoni koma zotsala ndi K20 miliyoni, aliyense amalandira matambala 20 pa kwacha iliyonse, ndipo zotsalazo zapita osabweranso. Eni masheya ndiwo otsiriza, ndipo kawirikawiri sapeza kanthu.

Imeneyi ndi njira ya kampani imene yafa. Amalawi anaiona pamene Boma linathetsa Air Malawi kuyambira kumapeto kwa 2012, ndipo m'malo mwake munabadwa kampani ina ya ndege, imene Ethiopian Airlines inatengamo magawo 49 pa 100 alionse, niyamba kuuluka mu Januwale 2014. Koma si kampani iliyonse yovutika imene yafa. Ina imangodwala, ndipo kuigulitsa zidutswazidutswa kumataya chuma chochuluka kuposa kuichiza. Nchifukwa chake malamulo atsopano ali ndi njira zinanso ziwiri. Yoyamba ndi yopulumutsa kampani: katswiri amapatsidwa nthawi yoikika kuti akonze dongosolo loidzutsira, okongoza ataimitsidwa kaye. Yachiwiri ndi pangano la kabwezedwe ka ngongole: kampani imakambirana ndi okongoza, ndipo ochuluka a iwo akavomera, bwalo nkutsimikiza, panganolo limamanga onse, ngakhale amene anakana. Dziko la Zambia linaika njira zonsezi m'lamulo lake la 2017 lotchedwa Corporate Insolvency Act.

Palinso mfundo ziwiri zimene zikhudza kwambiri mlandu wa Konkola. Yoyamba ndi yakuti pakati pa tsiku la pempho ndi tsiku la chigamulo, bwalo likhoza kuika wothetsa kampani wogwirizira, kuti katundu asabisidwe kapena kusakazidwa. Iyeyu akangoikidwa, palibe wokongoza amene angasumire kampaniyo popanda chilolezo cha bwalo. Yachiwiri ndi yakuti si ngongole yokha imene ingathetse kampani. Mwini masheya akhozanso kupempha kuti ithetsedwe pa chifukwa chakuti kutero ndiko chilungamo, monga pamene eni ake alekana maganizo kotheratu. Khomo limeneli ndi limene Boma la Zambia linalowera.

Mgodi ndi eni ake

Mkuwa ndiwo msana wa chuma cha Zambia, pakuti umabweretsa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a ndalama zimene dzikolo limapeza pogulitsa katundu kunja. Kampani ya Konkola ili ndi mgodi wa Nchanga ku Chingola, mgodi wa Konkola ku Chililabombwe pafupi ndi malire a Congo, malo oyengera mkuwa a Nkana ku Kitwe, ndi mgodi waung'ono wa Nampundwe kufupi ndi Lusaka. M'masiku a atsamunda tauni ya Chililabombwe inkatchedwa Bancroft, ndipo amuna ambiri a ku Nyasaland anapita kukagwira ntchito m'migodi ya m'chigawo chimenechi.

Mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti Boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi, ndipo mu 1982 migodiyo inaphatikizidwa kukhala kampani imodzi ya Boma yotchedwa ZCCM. Mtengo wa mkuwa utatsika kwa zaka zambiri, kampaniyo inamira m'ngongole, ndipo pofika 2000 migodi inagulitsidwanso kwa anthu amalonda. Konkola inatengedwa ndi Anglo American, imene inangokhala zaka ziwiri nichoka mu 2002. Vedanta inalowa mu 2004 ndi magawo 51, ndipo mu 2008 inawonjeza kufika pa 79.4 pa 100 alionse. Magawo otsala, 20.6, anakhala m'manja mwa ZCCM Investments Holdings, imene mwini wake wamkulu ndi Boma. Eni awiriwa anasainirana pangano, ndipo m'panganomo munali ndime yonena kuti akasemphana, nkhani yawo idzaweruzidwa ndi mkhalapakati mumzinda wa Johannesburg, ku South Africa. Ndime imeneyi, imene panthawiyo inaoneka ngati yaing'ono, ndiyo inadzakhala mtima wa mlandu wonse.

Ubale wa awiriwa sunakhale wokoma nthawi yaitali. Ogulitsa katundu ankadandaula kuti kampani imachedwa kuwalipira. Anthu a m'midzi yozungulira Chingola ankadandaula za madzi oipitsidwa, ndipo mu Epulo 2019 bwalo lalikulu koposa la ku Britain linalola anthu 1,826 a m'midziyo kuti asumire Vedanta ku England. Mlandu umenewo unadzatha mwa kugwirizana mu Januwale 2021, kampaniyo osavomera kulakwa. Boma nalo linkati kampaniyo sikulipira misonkho mokwanira, sikupereka phindu kwa ZCCM, ndiponso ikuphwanya zofunika za chiphaso chake. Vedanta inakana zonsezi. Inati inaika madola a ku America oposa 3 biliyoni m'migodiyo chiyambire 2004, ndi kuti Boma lomwelo linali kusunga ndalama zambiri za msonkho wa VAT zimene linayenera kubwezera kampaniyo.

Mu Meyi 2019 Pulezidenti wa nthawiyo, malemu Edgar Lungu, ali paulendo m'chigawo cha migodi, ananena poyera kuti Boma lilekana ndi Vedanta. Patangopita masiku owerengeka ZCCM inapereka pempho lija kubwalo, ndipo loya wina wa ku Lusaka, a Milingo Lungu, amene dzina lawo likufanana ndi la Pulezidentiyo, anaikidwa kukhala wogwirizira. Lamulo lowaika linaperekedwa Vedanta isanamvedwe. Malamulo amalola zimenezi pa nkhani yofulumira, koma amatero poyembekeza kuti mbali inayo idzamvedwa msanga.

Mabwalo a maiko awiri

Vedanta inayankha kuti nkhaniyi sinali ya ngongole, koma mkangano wa eni masheya, ndipo kuti malo ake anali pamaso pa mkhalapakati monga mwa pangano. Inapita ku Bwalo Lalikulu la ku Johannesburg, ndipo mu Julayi 2019 bwalolo linalamula ZCCM kuti ileke mlandu wothetsa kampani kufikira mkhalapakati ataweruza. Boma la Zambia linayankha kuti chigamulo cha bwalo la dziko lina chilibe mphamvu m'Zambia chisanalembetsedwe m'mabwalo a m'dzikomo. Bwalo Lalikulu la ku Lusaka nalo linakana kuimitsa mlandu.

Apa panali mfundo ziwiri zowombana, ndipo iliyonse inali ndi nzeru zake. A mbali ya Boma ankati kuthetsa kampani si nkhani ya anthu awiri okha, pakuti kumakhudza antchito, okongoza ndi dziko lonse, kotero kuti ndi bwalo la dziko lokha limene lingaweruze. A mbali ya Vedanta ankati ngati mwini masheya angathawe pangano limene anasaina pongosintha dzina la dandaulo lake nalitcha pempho lothetsa kampani, ndiye kuti palibe pangano limene lingakhulupirike.

Mu Novembala 2020, patapita chaka ndi theka, Bwalo la Apilo la Zambia linagwirizana ndi Vedanta. Linagamula kuti madandaulo a ZCCM anali ochokera m'pangano la eni masheya, ndipo linaimitsa mlandu wothetsa kampani kuti nkhani ipite kwa mkhalapakati. Koma wogwirizira sanachoke. Potero kampani inatsala pakati: mlandu woithetsa unaima, koma eni ake sanabwezeredwe, sinali yakufa kuti katundu wake agawidwe, ndiponso sinali yamoyo mokwanira kuti ikongole ndalama zokulitsira ntchito. Kumayambiriro kwa 2021 wogwirizira anagawa ntchito za kampaniyo pawiri, mbali ya migodi ndi mbali ya ng'anjo yosungunulira mkuwa, ndipo Vedanta inatsutsa zimenezonso. Mu Julayi chaka chomwecho Vedanta inalengeza kuti mkhalapakati wapeza kuti ZCCM inaphwanya ndime ya pangano yonena za kathetsedwe ka mikangano.

Boma linali litanena pachiyambi kuti makampani angapo akunja anali okonzeka kugula migodiyo. Palibe ndi imodzi yomwe imene inagula. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona: Vedanta inachenjeza kuti idzatsutsa kugulitsa kulikonse, ndipo palibe munthu wamalonda amene angapereke mamiliyoni mazanamazana pa katundu amene mwini wake akali kukanganiridwa m'mabwalo a maiko awiri.

Madzi a mumgodi sayembekeza woweruza

Akuluakulu amati mlandu suola. Mawuwa ndi oona, koma mgodi umaola. Mgodi wa Konkola ndi umodzi mwa migodi ya madzi ochuluka koposa pa dziko lonse lapansi. Tsiku lililonse mapampu ayenera kutulutsa madzi oposa makiyubiki mita 300,000 kuchokera pansi pa nthaka, usana ndi usiku, mkuwa ukumbidwe kapena usakumbidwe. Mapampuwo ataima kwa nthawi yochepa chabe, mgodi ukhoza kudzala madzi, ndipo chuma cha zaka makumi ambiri chingatayike. Sitolo ikhoza kutsekedwa ndi loko kufikira oweruza atamaliza, koma mgodi wotere sungatsekedwe.

Kotero wogwirizira, amene lamulo linamuika kuti angosunga katundu, anasanduka woyendetsa imodzi mwa makampani aakulu koposa m'dzikolo, yokhala ndi antchito pafupifupi 13,000 powerengera ndi a makontirakitala. Anayenera kupeza ndalama za magetsi, malipiro ndi zipangizo mwezi ndi mwezi, pamene mwini wamkulu wa kampani anali atatsekeredwa kunja, ndipo mabanki sakanakongoza mosavuta kampani imene ili pa mlandu wothetsedwa. Ntchito yokumba njira zatsopano pansi pa nthaka, imene mgodi uliwonse umadalira kuti upeze mkuwa wa zaka zamtsogolo, inachepa, ndipo mkuwa wotuluka unatsika.

Nkhani ya magetsi inaonetsa mmene vuto la kampani imodzi limafalikira kwa ena. Kampani ya Copperbelt Energy Corporation, imene inkapereka magetsi ku migodiyo, inali ndi ngongole yaikulu yosalipidwa, ndipo mu 2020 inafuna kuchepetsa magetsiwo. Pofuna kuteteza mgodi, nduna ya zamagetsi inalamula kuti nthambo za kampaniyo zikhale zotseguka kwa ena onse ofuna kudutsitsa magetsi. Kampaniyo inasuma, ndipo mu Febuluwale 2021 Bwalo Lalikulu linafafaniza lamulo la ndunayo. Motero mlandu umodzi unabala wina.

Kampani yaikulu ngati imeneyo inali ndi maloya ndi ndalama zomenyera ufulu wake. Wogulitsa wamng'ono analibe. Munthu amene anapereka matayala kapena zovala za antchito chisanafike chaka cha 2019 sakanasuma popanda chilolezo cha bwalo. Sakanalandira gawo lake la katundu, pakuti kampani sinathetsedwe. Ndipo sakanavota pa dongosolo lililonse, pakuti panalibe dongosolo loti avotere. Lamulo loimitsa okongoza linalembedwa kuti liwateteze kwa masabata ochepa pamene katundu akuwerengedwa. Litakhala zaka zisanu, linasanduka goli pakhosi pawo, pamene iwo eni anali ndi ngongole zawo kumabanki ndi antchito awo ofuna malipiro.

Njira yobwerera

Mu Ogasiti 2021 a Hakainde Hichilema anapambana chisankho, ndipo Boma latsopano linanena kuti likufuna kuthetsa nkhaniyi mwa kukambirana. Mu 2022 a Milingo Lungu anachoka pa udindo wogwirizira, ndipo malo awo anatenga mayi Celine Nair. Chaka chomwecho mbali ziwirizo zinagwirizana kuimitsa milandu kuti zikambirane. Mu Sepitembala 2023 nduna ya zamigodi, a Paul Kabuswe, inalengeza kuti Vedanta ibwerera. Kampaniyo inalonjeza kuika madola 1 biliyoni m'migodi pa zaka zisanu, kupereka madola 250 miliyoni olipirira okongoza a m'dzikomo, kupereka madola 20 miliyoni chaka chilichonse pa ntchito zothandiza anthu a m'deralo, ndi kukweza malipiro a antchito ndi magawo 20 pa 100 alionse.

Koma mgwirizano wa eni masheya sukanamanga okongoza, pakuti iwo sanausaine. Panafunika njira ya lamulo, ndipo njira imene inasankhidwa inali pangano la kabwezedwe ka ngongole lija, limene linali m'lamulo la 2017 kuyambira pachiyambi pomwe. Okongoza anagawidwa m'magulu awiri. Amene ngongole yawo inali yosafika madola 1 miliyoni anayenera kulipidwa zonse. Amene ngongole yawo inaposa pamenepo anayenera kulandira magawo 35 pa 100 alionse poyamba, ndi zotsala pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Misonkhano ya okongoza inavomereza mu Meyi 2024, Bwalo Lalikulu linatsimikiza mu Juni, Vedanta inapereka ndalama zokwana pafupifupi madola 246 miliyoni mu Julayi, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo akuluakulu oyendetsa kampani anabwerera pa mipando yawo.

Kagawidwe ka magulu awiriwo kanali ndi nzeru yake. Pakanakhala kuthetsa kampani kwenikweni, wogulitsa wamng'ono akanaima pamzere umodzi ndi makampani aakulu, nalandira kagawo kochepa. M'panganomo analipidwa zonse, ngakhale kuti ndalamazo zinafika zitachedwa zaka zambiri. Si onse m'Zambia amene anakondwa ndi kubwerera kwa Vedanta. Ena anakumbukira madandaulo akale aja, nati palibe chimene chasintha. Koma walira mvula walira matope: mgodi unafuna ndalama zochuluka, ndipo pa zaka zisanu panalibe wina amene anabwera nazo.

Zimene mlanduwu ukuphunzitsa

Sikoyenera kunena kuti madandaulo a Boma la Zambia anali opanda pake. Boma lili ndi udindo woona kuti chuma cha m'nthaka chikupindulira anthu ake, ndipo ogulitsa katundu osalipidwa anali anthu enieni okhala ndi mabanja. Funso ndi la chida chimene chinasankhidwa. Lamulo lothetsa kampani linapangidwa kuti ligawe katundu wa kampani yakufa mwachilungamo. Silinapangidwe kuti lichotse mwini masheya mmodzi ndi kuikapo wina. Litagwiritsidwa ntchito yachiwiriyi, linalephera zonse ziwiri: silinagawe katundu, ndiponso silinabweretse mwini watsopano. Boma linali ndi zida zina pafupi, ndizo malamulo a misonkho, malamulo a ziphaso za migodi, mkhalapakati wa m'pangano, ndi njira yopulumutsa kampani imene ili ndi nthawi yoikika ndipo imapatsa okongoza mawu.

Mfundo ina ndi ya nthawi. Mphamvu za wogwirizira ndi zazikulu kwambiri, pakuti munthu mmodzi amalowa m'malo mwa bungwe lonse la oyendetsa kampani, ndipo sayankha kwa eni masheya koma kwa bwalo lokha. Mphamvu zotere zimaloledwa chifukwa chakuti ndi za kanthawi. Pamene mabwalo achedwa, ndipo apilo ibala apilo inzake, chinthu chimene chinaikidwa kuti chikhale cha kanthawi chimakhazikika popanda woweruza aliyense kugamula kuti zitero. Pa zaka zonse zisanu, funso loyamba lija, lakuti kodi Konkola iyenera kuthetsedwa kapena ayi, silinayankhidwe ndi bwalo lililonse.

Dziko la Malawi lili ndi lamulo lake la zoterezi, Insolvency Act ya 2016, limene linabweretsa njira yokonzanso kampani yovutika m'malo mongoithetsa, ndi kukhazikitsa ofesi yoyang'anira akatswiri ogwira ntchito imeneyi. Boma la Malawi nalo lili ndi masheya m'makampani ena pamodzi ndi amalonda akunja, ndipo limasainirana mapangano ndi makampani a migodi. Mapangano otere amalembedwa ndi kusungidwa ndi ogwira ntchito za Boma, ndipo ndime yonena za kumene mkangano udzaweruzidwe imakhala chakumapeto, pamene owerenga atopa kale. Ku Konkola ndime imeneyo inalemera kuposa chifuniro cha nduna, ndipo amene anatsimikiza zimenezo linali Bwalo la Apilo la Zambia lomwe, osati bwalo lachilendo lokha. Mkulu wa Boma amene akulangiza nduna yake pa za kampani yovutika achita bwino kuwerenga ndime imeneyo poyamba, kenaka kufunsa ngati kampaniyo yafa kapena ikungodwala, ndiponso kuwerenga maina a okongoza ang'onoang'ono amene adzaimitsidwa tsiku limene wogwirizira adzalowa pakhomo.